Zala Khumi pa Kamera ya Amalume

Nsungwi, mtsikana wamtali wosita zovala ku shopu yochapira, analowa m'kachipinda kojambulira ka amalume ake ali wefuwefu, kalata ili m'manja, wotchi ya pakhoma itangokwana leveni. Amalumewo anali atajambula zithunzi za pasipoti zaka makumi atatu m'kachipinda komweko, pakati pa wodula makiyi ndi telala, ndipo munthu akalowa sankamufunsa chimene wadzera.

"Amalume, anditenga!"

"Khala apo," anatero amalume, akuloza mpando ndi sizasi. "Msana uwongoke."

"Mwamva koma? Sukulu ya kunja ija! Ya yoga! Akuti malo alipo, ndikaphunzire uphunzitsi miyezi isanu ndi umodzi!"

"Yoga ndi zija umadzipinda pakhonde m'mawa mpaka agalu kusiya kuuwa n'kumakuonerera?"

"Zomwezo!"

"Zilinso ndi sukulu?"

Nsungwi sanali munthu wa mawu ambiri. Ku ntchito ankatha tsiku lathunthu akucheza ndi simbi yokha. Koma tsiku limeneli mawu ankangomutuluka ngati nthunzi.

"Sukulu, aphunzitsi, satifiketi, chilichonse! Koma tamvani. Kalatayi inabwera sabata yatha n'kukabisala m'foni pansi pa mauthenga ena, ndaiona m'mawa uno. Abwana andisindikizira, andipatsa ola limodzi lokha. Akunjawo akufuna zithunzi khumi, ziwafike thwelofu isanakwane. Ikangokwana, malo anga apatsa wina, ine ndizisita mathalauza a eni ake mpaka imvi."

"Foni yako ilibe kamera?"

"Inalowa nthunzi. Ikajambula munthu amaoneka ngati ali m'bafa."

"Mafoni!" Amalume anapukusa mutu mokondwa, ngati amva kuti mdani wawo wadwala. "Zithunzi khumi? Nkhani yaing'ono. Khala apo."

Nsungwi anavula nsapato, nakwera pampando, napinda miyendo mopingasa.

"Miyendoyo yalakwanji?"

"Timakhala chonchi."

"Zako zimenezo. Yang'ana kuno. Usaseke."

Anaika manja pa mawondo, chala chachikulu n'kukumana ndi cholozera. Tcha! Nyale inang'anima. Anasintha zala. Tcha! Anaphatikiza zikhatho. Tcha! Chakhumi chinamukanika, zala zinangokolana popanda mutu wake, koma amalume anati tcha! osadandaula. Nsungwi anadabwa kuti zatheka msanga chotere. Mtima wake unali utakwera kale ndege, utakhala cha pawindo.

Anathamangira pa kompyuta. Zithunzi zinandanda mizere iwiri, zisanu pamwamba, zisanu pansi. Anayang'ana choyamba. Anayang'ana chachiwiri. Anasuzumira mpaka mphuno kugunda galasi.

"Amalume."

"Usathokoze, ndi ntchito yanga."

"Manja ali kuti?"

"Ali nawe. Si awo?"

"Pachithunzipa!"

"Aa, pachithunzi cha ulendo sipakhala manja, mwanawe. Mutu, khosi, mapewa pang'ono. Taona makutuwo mmene atulukira onse awiri, ngati ogula kusitolo."

"Koma akufuna manja! Zithunzi khumi, zizindikiro khumi za zala. Amazitcha mudra. Nthawi yonseyi ndimasintha zala, simunaone?"

"Ndinaona. Ndimati ndi mantha. Ambiri amatero. Wina anang'amba mpango pampando pomwepo."

"Zonsezi n'zofanana!"

"Ndiye luso limenelo! Ena akakujambula kakhumi amatulutsa anthu khumi osiyana."

Nsungwi anafuna kulira koma chinatuluka ndi chiseko. Anagwira pamimba, nakweza maso kuwotchi, chiseko n'kuthera pakhosi. Mphindi khumi zinali zitapita.

"Imani ndikuwerengereni," anatero akutambasula kalata. "Akuti chithunzi choyamba, thupi lonse, nditakhala pansi, maso otseka. Zisanu ndi zinayi zotsalazo, manja okha, pafupi, ali pa mawondo. Mwamva? Manja okha."

"Manja okha. Mwini wake ali kuti?"

"Ali pomwepo, koma sakuoneka."

"Ndiye pabwalo la ndege akakudziwa bwanji? Ukawaonetsa zikhatho?"

"Si za pabwalo la ndege! N'za aphunzitsi, aone ngati ndimatha kupinda zala bwino."

"Munthu awoloke nyanja kukapinda zala. Mlongo wanga akudziwa zimenezi?"

"Amayi akudziwa, abwereka kale chikwama. Amalume, weramitsani kamera."

Amalume anadumpha n'kuima pakati pa Nsungwi ndi kamera, manja atatambasula ngati nkhuku yoteteza anapiye.

"Kamera iyi sinaweramirepo munthu. Miyendo yake ndinaikhomera pansi chaka chimene mwana wina anaigwetsa. Khosi ndinalimanga ndi waya. Wamfupi timamuikira buku pampando, wamtali timamuuza adzichepetse. Kamera siyenda, amayenda ndi munthu."

"Ndiye manja anga afika bwanji pamenepo?"

"Akweze."

Nsungwi anakweza manja mpaka m'mbali mwa nkhope.

"Watseka makutu!"

"Makutu sakufunika!"

"Usadzanenenso mawu amenewo muno."

"Komanso kalata ikuti manja akhale pa mawondo."

"Ndiye kweza mawondo."

Anayang'anana. Kenako onse awiri anatembenukira ku tebulo lodulira zithunzi.

Analikoka mpaka patsogolo pa nsalu yoyera. Pamwamba pa tebulo anaika mpando, pamwamba pa mpando anakwera Nsungwi, napindanso miyendo. Mawondo anafika ndithu pa diso la kamera, koma mutu unali kudenga, fani ikumupesa tsitsi. Kumwambako ankaona fumbi la zaka zambiri pamwamba pa kabati, ndi dazi la amalume likunyezimira pansi pake.

"Jambulani msanga!"

Amalume anaika diso pa kamera. Zii.

"Amalume!"

"Ndikudikira."

"Mukudikira chiyani?"

"Ine ndikamajambula ndimayang'ana munthu m'maso, ndimuuze kuti asaphethire. Apa ndiuza ndani?"

"Uzani zala!"

Amalume anakonza pakhosi. "Dzanja lamanja, yang'ana kuno. Lamanzere, usaseke." Anadzutsa mutu. "Iwe Nsungwi, chala chachikuluchi chikunong'onezana chiyani ndi mkombaphala?"

"Ndi chizindikiro cha nzeru."

"Nzeru? Amayi ako amatero akamathira mchere."

"Amalume, nthawi!"

"Wongola zala kaye. Chithunzi chabwino chimafuna zonse zioneke, zisanu uku, zisanu uku. Angaganize kuti china chinaduka."

"Kupindako ndiye nkhani yake!"

"Nanga chipsera ichi cha padzanjapa?"

"Simbi inandiwotcha."

"Ndichifafaniza pa kompyuta."

"Chisiyeni. N'changa. Adziwe kumene manjawa achokera."

"Mwanayu makani ngati amake," anang'ung'udza amalume. "Chabwino. Usagwedezeke."

Nsungwi sanagwedezeke. Linagwedezeka ndi tebulo. Linayamba ndi kulira pang'ono, kenako mwendo umodzi unati ine ndatopa, mpando n'kutsetsereka. Nsungwi anadzipinda m'malere nagwera pansi choimirira ngati mphaka. Atacheuka anapeza amalume atakumbatira kamera ndi manja onse awiri.

"Simunandigwire!"

"Iwe umapindika. Kamera sipindika."

Wotchi inati hafu pasiti leveni. Nsungwi anapita pa kamera nayamba kumasula waya wa pakhosi pake, kupota kumodzi kumodzi, milomo atailuma.

"Iwe! Iwe mwana wa mlongo wanga! Waya ameneyo ndi wamkulu kuposa iwe!"

"Apume."

Amalume anatembenukira kukhoma, kumene kunali zithunzi zing'onozing'ono mazanamazana za anthu amene anawajambulapo, onse osaseka, onse makutu poyera. "Mukuona abale? Mboni ndinu."

Waya anagwa pansi. Nsungwi anazula kamera pa miyendo yake naiika m'manja mwa amalume. Iwo anailandira ngati alandira khanda la eni.

"Kamera m'manja? Ine ndine wojambula maukwati?"

"Lero lokha. Tiyambe ndi choyamba, thupi lonse. Bwererani m'mbuyo."

Anabwerera.

"Bwereraninso."

"Ndafika pakhomo."

"Tulukani pang'ono."

"Anthu andiona!"

"Akuonani mukugwira ntchito."

Nsungwi anakhala pansi patsogolo pa nsalu, nawongola msana, naika zala m'malo mwake, natseka maso. Anakoka mpweya pang'onopang'ono monga ankachitira pakhonde. Anamva makina a wodula makiyi akulira kuseri kwa khoma. Anamva makina a telala kumbali inayo. Anamva fani, anamva wotchi, anamva ngakhale ntchentche ikugunda galasi. Tcha yekha ndiye sanamumve. Anawerenga mpweya kakhumi. Anawerenganso kasanu. Kenako anatsegula diso limodzi kuti aone ngati amalume akadali moyo.

Tcha!

"Ndakupeza!" anakuwa amalume, akuvina ndi mapewa. "Kuona maso a nkhono n'kudekha!"

"Amalume! Akufuna maso otseka!"

"Palibe ofesi padziko lapansi imene imalandira chithunzi cha munthu wogona."

"Sindikugona, ndikusinkhasinkha!"

"Pachithunzi n'chimodzimodzi. Limodzilo ndaligwira, tsegula linalo timalize."

"Sinditsegula."

"Ndiye sindijambula."

"Ndiye tikhala pompano mpaka thwelofu, mukawauze nokha amayi."

Amalume anayang'ana wotchi. Mlongo wawo ankamudziwa bwino.

"Chala changa sichingalole," anatero motsitsa mawu. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikuchiphunzitsa kuti munthu akaphethira chiime. Ndikaona zikope zatsika, chimauma chokha. Taona." Anaonetsa chala chili njo pamwamba pa batani.

Nsungwi anachiyang'ana chalacho, nayang'ana amalume. Sankanama.

"Ndiye musaone," anatero. "Ikani kamera pa tebulopo, muilozetse kwa ine. Mukatero mutembenukire kumsewu, mudinize chakumbuyo."

"Chakumbuyo? Ngati wakuba?"

"Ngati malume."

Anakankhira tebulo lopunduka lija pakhomo, nalichirikiza ndi bondo. Anasuzumira m'kamera, nakonza, nasuzumiranso. Kenako anatembenuka n'kuyang'ana kumsewu, dzanja likufufuza batani kumbuyo.

"Watseka?"

"Ndatseka."

"Onse awiri?"

"Onse."

"Mulungu andikhululukire." Tcha! "Ine sindinaone chilichonse. Wina akafunsa, kamera yadzijambulira yokha."

Chithunzicho chinatuluka bwino moti Nsungwi anakuwa ndi chimwemwe, telala n'kuimitsa makina ake kuseri kwa khoma. Kunatsala mphindi makumi awiri.

"Tsopano manja! Gwadani apa, pafupi."

"Ndigwadenso?"

"Msanga!"

Mawondo a amalume analira ngati chitseko chakale. Nsungwi anaphatikiza zikhatho.

"Ukupemphanso chiyani? Ndagwada kale."

"Jambulani!"

Tcha! Anatsegula zala, zikhatho zitagundana m'munsi.

"Ichi ndi cha duwa."

"Ichi ndi cha munthu wodikira kuti amuthirire madzi osamba m'manja."

Tcha! Anakoletsa zala zikuluzikulu, zinazo n'kuzitambasula ngati mapiko.

"Aa, ichi ndikuchidziwa! Tinkapanga pa nyale tili ana, mbalame n'kumauluka pakhoma. Ndiye kunja amapereka satifiketi ya zimenezi? Ife tinkakwapulidwa nazo kuti tikutha mafuta."

"Amalume, mukundiseketsa, manja akugwedezeka!"

"Dzanja lamanzere, ndakuuza kale kuti usaseke."

Tcha! Tcha! Tcha! Zinayamba kuyenda ngati madzi otsetsereka. Amalume anaiwala zodandaula, nayamba kukwawa uku ndi uku, kufuna mbali imene kuwala kukugwera bwino. Pa chachisanu ndi chitatu anagona chammimba. Pa chachisanu ndi chinayi anauza Nsungwi kuti kachala kotsiriza kakuchita manyazi, katuluke pang'ono. Nsungwi ankangoseka, misozi ili m'masaya, akuwerenga chamumtima: chatsala chimodzi, chimodzi chokha.

Chimodzicho ndiye chinali chija chinamukanika poyamba. Zala zonse khumi zimayenera kulukana ngati dengu, ziwiri zokha za mphete n'kuima pakati zitatsamirana misana. Kunyumba, mtima uli m'malo, chinkamutengera mphindi zisanu. Apa manja anali thukuta lokhalokha. Akagwira chapakati, chotsiriza chinkathawa. Akabweza chotsiriza, cholozera chinkamasuka.

"Ndijambule?"

"Ayi!"

"Pano?"

"Ayi, imani!"

"Ukuluka kapena ukumasula?"

"Sindikudziwa!"

Kunatsala mphindi khumi ndi imodzi. Chiseko chonse chinauma. Nsungwi anaona simbi ikumudikira, ndi mulu wa mathalauza wofika kudenga.

Amalume anatsitsa kamera pansi, natola kalata, nayang'ana kachithunzi kojambula pamanja kamene kanali m'munsi mwake.

"Ukulira ndi ichi? Ana a masiku ano! Akuti ichi chidutse apa, ichi chikole ichi, ziwirizi ziime. Basi. Chovuta n'chiyani?"

Ankalankhula maso ali pa kalata imene anaiyala pabondo. Manja awo anali atachita kale. Dengu linali litalukika bwinobwino, zala ziwiri zili chilili pakati, zowongoka ngati makandulo.

Nsungwi anatsegula pakamwa. "Amalume! Mwatha bwanji?"

"Chiyani? Ichi?" Anayang'ana manja awo ngati a munthu wina. "Kale kusanabwere makompyuta tinkakulunga filimu mumdima, manja ali m'thumba lakuda. Zala zinkaona zokha. Ichi n'chibwana."

"Musagwedezeke!" Nsungwi anatola kamera. "Ndijambule kuti ndizionera, mukamasula ndiiwala."

"Iwe, kamera yanga sagwira mwana!"

Tcha!

"Wagwira."

Anaika kamera pansi kagalasi kake kakuyang'ana kumwamba, nayesa kutsanzira. Amalume anapirira kamphindi kochepa, kenako analephera kuugwira mtima. Anagwira zala za mwana wa mlongo wawo n'kuyamba kuziluka chimodzichimodzi, akuzikalipira.

"Iwe dutsa apa. Iwe khala. Ndati khala! Iwe wamng'ono, amakulera ndani? Eya. Gwira zolimba, usapume."

Dengu linaima. Linali lopendama pang'ono, chala chimodzi cha mphete chitaweramira chinzake ngati choledzera, koma linaima. Amalume anatola kamera. Tcha!

"Zatha! Khumi! Amalume, khumi!"

"Bwera utumize. Kwatsala mphindi zisanu."

Nsungwi anadzuka nathamangira pa kompyuta. Anafuna kugwira mbewa ya kompyutayo, koma manja anabwera onse awiri pamodzi.

"Amalume, sizikumasuka."

"Masula."

"Zauma! Mwaluka kwambiri!"

"Unati chikhale chokhoza."

"Tumizani ndinu! Tsegulani imelo, adiresi ili pamwamba pa kalatapo. Msanga!"

Amalume anakhala pampando, navala magalasi, natulutsa chala chimodzi. Zala zomwe zija zinaluka dengu osayang'ana, pa kompyuta zinkayenda ngati nkhuku yotola chimanga pamchenga.

"Chala chimodzi sichiswa nsabwe, amalume, gwiritsani zonse!"

"Kuthamanga si kufika."

"Lero ndi kufika!"

"Zithunzi zilipo zambiri apa. Nditenge ziti?"

Nsungwi anali atapanikiza manja pakati pa mawondo, akulimbana nawo, maso ali kuwotchi. "Pa chizindikiro chilichonse sankhani chabwino kwambiri. Chimodzi chimodzi. Zija za makutu zisiyeni!"

"Chabwino kwambiri," anabwereza amalume. Anadina, nadina, nadinanso. Muvi wautali wa wotchi unali utatsamira kale pa thwelofu, kutsala kampata koti n'kulowetsa tsitsi limodzi.

"Zapita."

Nthawi yomweyo zala za Nsungwi zinamasuka zokha. Analumpha, nakumbatira amalume ndi mpando womwe, nazungulira kachipinda konse akuvina, waya uja atamukola kuphazi. Amalume ankati, "Nsalu yanga! Nyale yanga!" koma mapewa awo ankavina nawo. Wotchi inagunda thwelofu.

"Ndione, ndione zimene zapita!" Anawerama pa kompyuta akupuma mofulumira. Choyamba, iye mwini, maso otseka, wodekha ngati si iye. Chachiwiri, chachitatu, chipsera chake chili pomwepo. Chachisanu ndi chinayi. Chakhumi.

Chakhumi chinali chokongola zedi. Dengu lolukika bwino, zala ziwiri zowongoka. Zala zikuluzikulu, zaubweya, zikhadabo zachikasu, ndi wotchi yachitsulo pamkono.

"Amalume," anatero Nsungwi ndi mawu ang'onoang'ono. "Awa ndi manja a ndani?"

"Anga."

"Mwatumiza manja anu?"

"Unati chabwino kwambiri."

"Chabwino kwambiri cha ine!"

"Sunatero. Ndinaziika pamodzi ziwirizo, ndinaziyang'ana mwachilungamo. Chako chala chikugwa."

"Aziti ndabera! Aziti mtsikanayu pa chachisanu ndi chinayi ali ndi manja ake, pa chakhumi wamera ubweya ndi wotchi! Amalume, mwandipha!"

Anakhala pansi pomwepo, msana utatsamira kabati, nkhope ili m'manja. Ngakhale wodula makiyi anaimitsa makina ngati wamva. Amalume anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anayang'ana kukhoma kwa anthu awo osaseka aja.

"Onsewa ndinawajambula akupita," anatero pang'onopang'ono. "Palibe ndi mmodzi yemwe amene chithunzi chake chinabwezedwa. Ndiye woyamba kumutsekera njira akhale mwana wa mlongo wanga?" Anakanda dazi. "Alembere. Uwauze kuti wolakwa ndi malume wako, munthu wokalamba, wosaphunzira za zala. Uwatumizire chako chopendamacho."

"Nthawi yatha."

"Yatha ndi mphindi zitatu. Munthu wophunzitsa anzake kukhala phee maso otseka angakwiye ndi mphindi zitatu?"

Nsungwi anapukuta maso ndi mkono. Anadzuka, nakhala pa kompyuta, nalemba zoona zokhazokha: kuti manja aubweyawo ndi a malume ake ojambula zithunzi, kuti anangomuonetsa kalukidwe, kuti ake ndi awa, ndipo akudziwa kuti chala chimodzi chikugwa. Anatumiza. Kenako anavala nsapato pang'onopang'ono, chifukwa ola la abwana linali litatha ndipo simbi sidikira munthu.

Amalume anayamba kutola waya pansi. Nsungwi anafika pakhomo. Foni inalira m'thumba.

Anaitulutsa, naiyang'ana, naibweza m'thumba, naitulutsanso.

"Werenga, iwe!"

"Ndikuopa."

"Bweretsa ndiwerenge ndine."

"Ayi! Mungawayankhe." Anakoka mpweya wautali, natsegula. Maso anayenda mzere woyamba, nabwerera, nayendanso. "Akuti... akuti alandira. Akuti chala cha mphete chikupendamadi, koma n'chifukwa chake kuli sukulu. Akuti ndibwere! Amalume, akuti ndibwere!"

Anakuwa mpaka telala ndi wodula makiyi anasuzumira pakhomo, wina tepi ili m'khosi, wina kiyi ili m'manja. Amalume anawabweza ndi dzanja. "Palibe maliro, ndi mwana akupita kunja kukapinda zala. Pitani mukagwire ntchito."

"Dikirani, pali zina m'munsimu." Nsungwi anapukuta galasi la foni ndi malaya. "Akuti, koma eni manja enawo anaphunzira kuti? Akuti aphunzitsi onse asonkhana pa kompyuta akuwaonerera. Akuti ena aphunzitsa zaka zambiri koma chizindikiro chimenechi sachiimika chotero. Akupempha ngati mungalole kuti ndiwatumizire chithunzi chanu china, akachipachike m'chipinda chophunzirira."

Amalume anaima chilili, waya ali m'manja.

"Aphunzitsi onse?"

"Onse."

"A kunja?"

"A kunja."

"Achipachike pakhoma?"

"Pakhoma, amalume."

Waya anagweranso pansi. Amalume anayenda mwaulemu ngati mkwati, nakakhala pansi patsogolo pa nsalu yoyera. Anayesa kupinda miyendo, mwendo umodzi unakana, anausiya. Anakwinya mikono ya malaya, napukuta wotchi yawo ndi mpango.

Nsungwi anatola kamera akudziluma milomo kuti asaseke. Zaka zonsezi anali asanaonepo amalume ake kutsogolo kwa kamera. Anaikweza, nailozetsa pankhope pawo, nayamba kufuna pamene dazi silikunyezimira kwambiri.

Amalume anamuyang'ana mokwiya, zala zitalukana kale pamwamba pa bondo.

"Nkhope yanga akaitani? Tsitsa kamerayo, mwanawe. Kunja aitana manja."